Loweruka Lotsuka M'mimba

"Ndiye mwana wanga munapita naye kukiliniki? Mwana wa ine Fabiano, kukaima pamzere ngati wamasiye?"

"Amabuula, bambo a Madalo. Inu munali kumunda."

"Kumundako n'ku Joni? Mukanatuma mawu sindikanabwera? Anthu amachoka ku Makwasa wapansi kudzandipeza ine, inu muli nane m'nyumba momwemo mukukapempha nzeru kwa kamtsikana kovala zoyera. Mwandivula, mayi a Madalo. Mwandivula pamaso pa malaini onse."

Ine ndinali kuseri kwa khoma, ndikusenda chinangwa. Dzina langa ndine Fainess, ndimathyola tiyi, ndipo nyumba yanga ndi ya a Fabiano ndi akazi awo a Lestina n'zogundana msana. Amene anagonapo m'malaini a kampani akudziwa kuti khoma la kumeneko analimanga mwaulemu chabe. Mnzako akayetsemula, iwe umati pepani. Choncho musati ndinatchera khutu, nkhani inandipeza yokha ndili pampando wanga.

"Tanenani zimene wanena dokotala wanu wamkuluyo," anatero a Fabiano. "Tiphunzire nawo ife mbuli."

"A sisitala Uchizi anamudina pamimba. Akuti mwina kathumba kena kakang'ono ka m'matumbo kayamba kutupa. Amupatsa mapiritsi. Akuti ululu ukabweranso n'kutsikira kumanja, makamaka thupi likatentha kapena akayamba kusanza, tithamange naye osadikira. Ndipo anena kawiri konse kuti asamwe chotsuka m'mimba cha mtundu uliwonse."

"Ehee! Pamenepo ndiye pagona nkhani. Asamwe chotsuka m'mimba. Amadziwa kuti ndi mwana wa ndani, eti? Nsanje imeneyo. Benchi ya kukiliniki ikuchita fumbi chifukwa anthu akuchira kuno. Munthu wochokera ku Mzimba, tiyi anayamba kumuonera m'kapu, lero andiphunzitse ine za mchere?"

"Safunsa anadya phula, bambo."

"Nanga amene anafunsa aliyense wodutsa mumsewu anadya chiyani? Mawa ndi Loweruka loyamba. Aliyense wogona m'nyumba muno amwa, kuyambira ine."

A Fabiano anali kapitawo wa opopera tiyi. Masamba a tiyi akayamba chikasu, kampani imabweretsa matumba a mchere woyera wowawa, amausungunula m'migolo n'kupopera, ndipo pakapita masabata angapo munda umabiriwiranso. Chaka china a Fabiano anadzimbidwa masiku asanu atadya makaka ndi nandolo pamaliro ngati mawa sikucha. Kukiliniki anawapatsa supuni imodzi ya mchere wowawa m'kapu ya madzi, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo anali atathamanga maulendo anayi. Kenaka wosunga sitolo ya kampani anawaonetsa kuti dzina lolembedwa pathumba la mchere wa tiyi ndi lomwe lija linali pabotolo la kukiliniki. Basi, tsiku limenelo Thyolo inapeza dokotala.

Nzeru yawo inali yosavuta kuloweza. Tiyi akadwala amafuna mchere, munthu akadwala amafunanso mchere, popeza matenda onse ndi litsiro la m'mimba. Mutu, litsiro. Msana, litsiro. Mwana walephera masamu, litsiro lakwera kumutu. Mcherewo ankabwera nawo pang'onopang'ono m'thumba la jekete n'kumausunga m'chitini cha mkaka pamwamba pa kabati. Sankagulitsa, pamenepo ndiwachitire umboni. Zimene ankafuna n'kumva anthu akuwalonjera kuti "Mosheliwa, adokotala," ndiponso kuwasiyira mpando wakutsogolo kutchalitchi.

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse linali lotsuka m'mimba. Anthu ankabwera m'mamawa ndi makapu awo, n'kupeza a Fabiano atavala malaya oyera a pa ukwati wawo, supuni ili m'manja. Pofika nayini koloko zimbudzi zinayi za malaini athu zinkakhala ndi mzere woposa wa pasikelo yoyezera tiyi, akuluakulu aulemu wawo akupondaponda uku ndi uku, osayang'anana kumaso. Ndisaname, inenso ndinamwapo, ndipo ulendo wina nditadzimbidwa unandithandizadi. N'chifukwa chake panalibe amene akanawauza a Fabiano kuti akunama.

Loweruka limenelo Madalo anangoima pakhomo atagwira pamchombo. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, wa Sitandade 8, wosalankhulalankhula, wokonda kuwerenga ngakhale zolemba za pathumba la feteleza. Bambo ake atamutambasulira kapu, anabisa manja kumbuyo.

"Patseni ine," anatero a Lestina. "Mwanayu amamwa bwino ndikamamwetsa ndine. Inu thandizani anthuwa, akudikira."

Anazungulira nayo kapu kuseri, kumene ine ndimatsuka mbale. Anakhuthulira zonse patsinde pa nthochi, n'kutunga madzi m'ndowa yanga. Atatembenuka, tinaphana maso.

"Achemwali, simunaone kanthu."

"Maso angawa amaona tiyi yekha," ndinatero.

Madalo anamwa madziwo pamaso pa bambo ake, akukwinya nkhope mwaluso, kenaka n'kukaima nawo pamzere wa kuchimbudzi ngati anzake. Mapiritsi a kukiliniki ankamwera kwanga, ndipo pakutha pa sabata anali atabwerera kusukulu. A Fabiano sanalole kuti chozizwitsa choterechi chipite osalengezedwa. Pasikelo, pampopi, pamsika wa Lachisanu, aliyense anamva kuti kiliniki inalephera koma supuni imodzi inadzutsa mwana. Ine ndi a Lestina tinkangotsinana. Tinkadziona ochenjera kwambiri masiku amenewo.

Patapita masabata awiri, Lachisanu madzulo, ndikuweruka kumunda dengu lili kumsana, ndinapeza Madalo atakhala pakhonde atapinda mwendo wakumanja. Nkhope inali itachita thukuta ngakhale kunja kunali chiperoni. Anali atasanza kawiri kusukulu ndipo anzake anachita kumugwirira pobwera. Nditamugwira pachipumi, thupi linali moto.

"Pakupweteka pati, Mada?"

Analoza m'munsi, kumanja.

A Lestina anamulowetsa kuchipinda n'kuyamba kufunafuna chitenje ndi buku lake la kuchipatala. Tsoka silinunkha. Pamene amati azituluka, a Fabiano analowa, mabuti ali matope okhaokha.

"Ulendo wa kuti?"

"Zimene ananena a sisitala zija zachitika. Kumanja, kutentha thupi, kusanza. Zonse zitatu."

"Ikani bukulo pansi."

"Bambo a Madalo, kiliniki atseka posachedwa."

"Atseke. Kuno sititseka. Tsiku lija anamwa, sanachire? Mwaiwala kale? Sisitimu ya m'mimba yadanso basi, mwina wadya mapeyala osapsa kusukuluko. Supuni ziwiri, mawa akhala akusewera fulaye."

Ine kuseri kwa khoma ndinasiya kupuma, chifukwa ndimadziwa pamene a Lestina akodwa. Bodza lathu lija ndilo linali litasanduka umboni wa a Fabiano.

"Sanamwe tsiku lija," anatero a Lestina motsitsa mawu. "Ndinataya. Anamwa madzi wamba. Anachira ndi mapiritsi."

"Mwati bwanji?"

"Ndinataya patsinde pa nthochi."

Ndimayembekeza kumva mbama. Sinamveke. A Fabiano anaseka, kuseka kwapansipansi kwa munthu amene wapambana mlandu asanalankhule.

"Zikomo kwambiri, a sisitala Lestina. Ndiye tiwerengere limodzi. Malaini onse anamwa Loweruka lija. Ndani wadwala? Palibe. Mmodzi yekha sanamwe. Ndani wagona m'chipindamo? Mapiritsi anu aja anangophimba litsiro ngati mphaka, lero lafukuka. Mwana ameneyu mwamudwalitsa ndinu, ndi kuchenjera kwanu."

"Ayi, bambo, musatero."

"Ndisatero bwanji? Mapiritsi anamwa onse?"

"Anamwa onse."

"Wachira?"

A Lestina anayamba kupinda chitenje chija.

"Ndafunsa, wachira? Mwayesa zanu, zakanika. Tsopano mukufuna mubwerere komweko akamuwonjezere ena, kenaka amutumize kuboma akamung'ambe pamimba ngati nkhuku. Mtsikana wa chipsera pamimba, mwamuna wake mudzamuuza chiyani? Ine ndatsuka anthu zaka zisanu ndi chimodzi, ndani anafa?"

"Mutu umodzi susenza denga, bambo a Madalo. Tiyeni tingopita akamuone, mcherewo tidzamwetsa pobwera."

"Denga lake liti? Ili?" Ndinamva akumenya malata ndi ndodo. "Kwanu ku Nsabwe mkamwini amapempha chilolezo ngakhale chotsokomola. Kuno si kwanu. Denga ili ndi la kampani, ndipo pakhadi analemba Fabiano. Mukatuluka pakhomopo ndi mwanayo, mupitirire mpaka ku Nsabwe, mukalime pa kamunda ka amayi anu kaja mukukanganirana anthu asanu ndi awiri. Ine sindisekedwa kawiri."

Ndinamva chitini chikutsika pa kabati. Supuni inagunda m'kapu, kamodzi, kawiri, kenaka kutakasa.

"Sangalandire kwa ine, mwamuphunzitsa mwano. Mumwetse ndinu, poti amamwa bwino mukamamwetsa ndinu. Ine ndiima pakhomo pano."

Bedi la Madalo linali logundana ndi khoma langa. Ndinamva mphasa ikulira pamene mayi ake amagwada. Kenaka kamawu kakang'ono, konong'ona.

"Amayi, ndi ngati tsiku lija?"

A Lestina anamuyandikizira kapu ija. Mpaka lero sindidziwa ngati anali ataopa za ku Nsabwe, kapena mawu a amuna awo anali atawalowadi mumtima. Mwina zonse.

"Imwa, mwanangu. Ndi ngati tsiku lija."

Anamwa ndi mtima wonse, chifukwa ndinamva kumeza kukulukulu. Kenaka kutsamwa.

"Akuwawa! Amayi, akuwawa!"

"Mugwireni mutu," anatero a Fabiano. "Amalize."

Ndipo anamugwira. Ine ndinali nditaima, dzanja lili pachitseko changa. Mapazi asanu okha akanandifikitsa m'chipinda chimenecho. Ndinadziuza kuti za m'nyumba ya eni salowerera, kuti a Fabiano ndi kapitawo ndipo mlongo wanga amapopera pansi pawo, kuti mwina mwanayo achiradi. Timanena mokoma pamisonkhano kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tsiku limenelo ndinakhala pansi n'kupitiriza kusadzula ndiwo zanga, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka pano.

Loweruka lonse mwana anatsegula m'mimba. Kuchimbudzi samatha kufika, mayi ake ankangotuluka ndi beseni n'kulowanso. Akamwa madzi, ankasanza. Ankabuula mpaka ana osewera panja anasamukira kumalaini ena. A Fabiano anakhala pakhonde ndi wailesi, akulandira odzazonda ngati mwini ukwati.

"Likutuluka limenelo," ankatero. "Litsiro la mwezi wathunthu silituluka mwaulemu. Mukumva kubuulako? Ndiye kuti mankhwala akumana ndi matenda."

Anthu ankagwedeza mitu. Mayi wina mpaka anapempha kuti amusungireko wa mwana wake wa chifuwa.

Lamulungu m'mawa kubuula kunasiya mwadzidzidzi. Ndinathamangira komweko mtima uli m'mwamba, koma ndinapeza Madalo ali maso, atatambasula miyendo yonse iwiri.

"Pasiya kupweteka, anti," anatero.

A Lestina anagwetsa misozi yachimwemwe. Anawayang'ana amuna awo ngati akupepesa. Inenso, mbuli ine, ndinati Mulungu ndi wamkulu. A Fabiano anavala malaya oyera aja n'kupita kutchalitchi, ndipo nthawi ya maumboni itakwana sanadikire kuitanidwa. Anafotokoza za mkazi wokayika, za anamwino ansanje, za supuni ziwiri. Anamaliza ndi kunena kuti Mulungu amabisira anzeru n'kuululira opopera tiyi. Mpingo unawomba m'manja, ena mpaka nthungululu.

Akulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Lolemba m'mamawa, a Fabiano atapita kale kukagawa ntchito, ndikumanga pulasitiki m'chiuno kuti ndizipita kumunda, khoma linagunda katatu.

"Achemwali! Tabwerani, achemwali!"

Madalo anali chigonere chagada, maso atalowa m'kati, milomo itauma mpaka kung'ambika. Mimba inali itatupa, ndipo nditaikhudza inali gwa ngati thabwa. Anakuwa ndi kamawu kosamveka. Manja ake anali ozizira koma pachipumi pakuyaka.

"Ndiwaitane bambo ake?" anafunsa a Lestina.

"Muwaitane adzawonjezere supuni yachitatu? Muikeni kumsana kwanga kuno."

Ndinamubereka mtsikana wamkulu ngati khanda, miyendo ikukwekwereza m'tiyi, mpaka kumsewu wa fakitale. Thalakitala yonyamula masamba inali kubwera. Woyendetsa wake, a Stafford, anayamba kukupiza dzanja ali patali.

"Lamulo, amayi! Ngolo iyi ndi ya tiyi, anthu sitinyamula. Andichotsa ntchito."

Ndinaima pakati pa msewu.

"Ndiye tipondeni, a Stafford. Mukafotokoze kuofesi kuti tiyi wafika bwino."

Anatukwana pang'ono, n'kutsika kudzatithandiza kumukweza. Madalo anafika kukiliniki atagona pa matumba a masamba onyowa. A sisitala Uchizi anangoika dzanja pamimba n'kuyang'ana a Lestina.

"Anamwa?"

A Lestina anagwedeza mutu.

"Liti? Zingati?"

"Lachisanu. Ziwiri."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anamuika diripi manja akuthamanga, n'kuimbira ambulasi, ndipo dzuwa lisanakwere tinali pachipatala chachikulu kuboma.

A Fabiano anatipeza masana, tili pabenchi pafupi ndi chitseko cha kufiyeta, kochitira opaleshoni. Anali atadutsira kunyumba kukavala malaya oyera, poti amabwera kwa anzawo a ntchito imodzi.

"Ndani walamula zimenezi?" anayamba. "Mwana anali atachira dzulo. Mwamugwedeza pathalakitala, mwadzutsa matenda."

Asanapitirize, chitseko chinatseguka. Anatuluka dokotala, bambo wamfupi wa imvi, maso ofiira ndi kutopa.

"Makolo a Madalo?"

"Ndine bambo ake," anatero a Fabiano akutambasula dzanja. "Inenso ndimathandizako anthu kwathuko. Nkhani yake ndi ya sisitimu, adokotala. Dzulo ululu unali utasiyiratu."

"Unasiya chifukwa kathumba kanaphulika," anatero dokotala, dzanja lija osalilandira. "Chotupa chikaphulika, munthu amapumako pang'ono. Kenaka mafinya amayenderera m'mimba monse. Ndi zimene tikukachotsa panopa. Akanabwera Lachisanu, inali ntchito yaing'ono, Lachitatu akanatuluka. Lero sindikulonjezani kanthu."

A Lestina anatsetsereka pabenchi n'kukhala pansi pasimenti.

"Kalata ya kukiliniki ikuti anamwa mchere wotsuka m'mimba. Wochokera kuti?"

Ndinayankha ndine. "Wopopera tiyi."

Dokotala anatembenukira kwa a Fabiano.

"Mverani, bambo, popeza mwati mumathandiza anthu. Mchere umenewu ifenso tili nawo. Munthu akadzimbidwa timamupatsa, kamodzi, pamlingo wake, titaona kaye kuti m'mimba mulibe vuto lina. Nthawi zina timaperekanso tikafuna kuti matumbo ayere tisanawaunike. Ntchito yake ndi kukokera madzi a m'thupi kupita m'matumbo, n'kukankha zonse mwamphamvu. Ndiye taganizani, matumbo otupa kale, inu n'kuwakankha. Mwana wosanza kale, inu n'kumukamula madzi otsalawo. Sitipatsa munthu amene m'mimba mukumupweteka tisanadziwe chifukwa, sitipatsa wa impso zofooka. Ndipo wathu anauyeretsa kuti amwe anthu. Wanuwo anaupangira masamba. Tsopano ndiuzeni, anamumwetsa ndani?"

Apa ndiye ndinaona luso la dokotala wa malaini athu. Munthu amene dzulo lake anaimirira pamaso pa mpingo wonse kudzitama ndi supuni ziwiri, anayang'ana kudenga, n'kukonza kolala.

"Ine ndimakhalira kuntchito, adokotala. Zomwetsa ana ndi za amayi ake."

Ndinadikira kuti a Lestina akuwe, awalavulire, awang'ambe malaya oyerawo. Iwo anangoyang'ana manja awo.

"Ndine," anatero. "Ndinamugwira mutu ndine."

Dokotala anawayang'ana onse awiri, n'kulowanso. Pamenepo ine zinandikwana.

"A Fabiano, kale timamva kuti nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kwanu zatembenuka. Ulemu mwadya ndinu, kupotako kwapota mwana."

"Inu a Fainess, nkhani za banja la eni..."

"Eya, za banja la eni. Ndi mawu omwewo ndinadzinamiza nawo Lachisanu. Lero ndatopa nawo."

Opaleshoni inatenga maola atatu. Madalo anatuluka ali ndi paipi m'mphuno, ina pamimba yotulutsa zoipa, diripi m'dzanja. Masiku anayi sankadziwa kuti ali kuti. Ankatentha, kuzizira, kutenthanso, ndipo kawiri anamwino anathamanga ndi makatani n'kutitulutsa panja. A Lestina sanadye chilichonse chooneka. Ankakhala pansi pafupi ndi bedi atagwira chala cha mwana wawo, milomo ikuyenda popanda mawu. Pabedi anapachikapo chikwangwani chakuti wodwalayu asapatsidwe kanthu pakamwa. Mwana akang'ung'udza ndi ludzu, chimene amaloledwa n'kumupukuta milomo ndi kansalu konyowa basi.

Lachitatu ndinabwerera kumalaini kukatenga zovala. Pampopi ndinapeza nkhani itandidutsa kale. Akuti madokotala a kuboma atatsegula pamimba anadabwa, sanaonepo matumbo oyera chonchija. Akuti akanapanda kutsukidwa Lachisanu, mwana akanafera panjira. Akuti dokotala wamkulu anawagwira chanza a Fabiano n'kufunsa kumene anaphunzira. Amayi amene amandiuza zimenezi anali ndi kapu ya mchere uja m'manja, akuchokera kwa a Fabiano.

"Tayani zimenezo," ndinatero.

"Iii, a Fainess, nanga inu simunamwepo?"

Ndinawalanda kapuyo n'kukhuthula mu ngalande, ndipo mpaka lero sandilankhula.

Lachisanu kutentha kunatsika. Madalo anatsegula maso n'kutizindikira. Loweruka anachotsa paipi ya m'mphuno, ndipo dokotala wa imvi uja atamvetsera pamimba nthawi yaitali, anamwetulira koyamba.

"Wapulumuka uyu. Chipsera chikhala chachikulu, sukulu adikire kaye, koma wapulumuka. Muyambe kumupatsa madzi, pang'onopang'ono, kamodzi n'kupumira."

Inali nthawi yoona odwala, ndipo a Fabiano anali atabwera ndi nthochi zimene mwana samaloledwa kudya. Atamva za madzi, anadumpha. Kumwetsa anthu ndiye ntchito yawo. Anatenga kapu pa kabati ya pabedi, n'kuthira madzi a m'botolo, n'kuwerama.

"Eko, Mada. Imwa, mwana wa adadi."

Madalo anayang'ana kapu, n'kuyang'ana bambo ake. Milomo yake inali yosweka ndi ludzu la masiku asanu. Anaitseka, n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

"Akadali ndi mankhwala ogonetsa m'mutu," anatero a Fabiano, akuyang'ana anthu a pabedi loyandikana. "Zimachitika zimenezi."

"Patseni," anatero a Lestina.

Anakhuthula madziwo, n'kutsuka kapu, n'kuthira ena mwana akuona. Anagwada pambali pa bedi, n'kulowetsa dzanja pansi pa mutu wake kuti amudzutse pang'ono. Dzanjalo litangokhudza m'khosi, Madalo anaumitsa thupi lonse.

"Ndine, mwanangu. Ndine mayi ako. Ndi madzi okha."

Mtsikana anatembenuka pang'onopang'ono. Sanalire, sanakwiye. Anawayang'ana mayi ake nthawi yaitali ndi maso olowa aja, mmene timamuyang'anira mlendo amene watipatsa chikho cha thobwa kumudzi kosadziwika.

"Yambani mwamwa inu, amayi," ananong'ona. "Ndione."

Wodi yonse inakhala ngati yamva. A Lestina ananyamula kapu ndi manja awiri, n'kumwa, misozi ikugwera momwemo. Madalo anayang'anitsitsa pakhosi pa mayi ake mpaka anaona kuti amezadi. Anadikirabe pang'ono, akuwayang'ana nkhope ngati ikwinyike.

Kenaka anatambasula dzanja lake lopanda diripi, n'kuwachotsa dzanja lija m'khosi mwake.

"Ndigwira ndekha," anatero.